Dzimbiri Lopha Majeremusi

Mawu akuti "nano" afika kuno ku Ndunde, ndipo abwera ndi amalonda asanabwere ndi aphunzitsi a sayansi. Mukuwaona pa mapepala a sopo, pa timabotolo timene anyamata ena amayenda nato m'zikwama tsiku la msika, ndi m'mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa abale athu a ku Joni. Uthenga wake umafanana paliponse: muli tinjere ta chitsulo tosaoneka ndi maso, timapha majeremusi onse, dontho limodzi likwanira. Amayi angapo a mu Dorika andifunsa ngati zimenezi ndi zoona, ndipo wina anafunsa mosabisa ngati angasiye kuthira klorini m'madzi akagula kabotolo kotere. Funso lachiwirili ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa pamenepo pali moyo wa ana.

Nkhaniyi ili ndi choonadi m'kati mwake, ndipo choonadicho n'chosangalatsa kuposa zimene amalonda amanena. Tiyambe ndi dzimbiri.

Khasu mukalisiya pamvula limachita dzimbiri lofiira. Amene tinafikako ku sekondale tikukumbukira chifukwa chake: chitsulo chagwirana ndi mpweya wa okosijeni n'kusanduka chinthu china. Pafupifupi mtundu uliwonse wa chitsulo uli ndi dzimbiri lakelake. La zinki, chitsulo chimene amakutira malata kuti asaole msanga, ndi loyera ngati ufa. La mkuwa limakhala lakuda kapena lofiirira. La titaniyamu ndi loyera mbee, ndipo ndi limene limayeretsa penti ya nyumba. Azasayansi amawatcha mayina awo achingerezi: zinc oxide, copper oxide, titanium dioxide. Dzimbiri la khasu si mankhwala, ndipo pasapezeke wina wopala khasu n'kuthira m'ndowa. Koma la zinki takhala nalo m'nyumba zathu zaka zambiri osadziwa. Mafuta oyera olimba amene timapaka mwana akapsa ndi thewera, mbali yake yaikulu yogwira ntchito ndi zinc oxide. Kalamaini wa pinki amene timapaka pa katsabola nayenso muli zinc oxide. Mafuta ambiri oteteza khungu ku dzuwa, amene abale athu achialubino sayenera kusowa, amadalira zinc oxide kapena titanium dioxide. Ngakhale dokotala wa mano akamatseka dzino mongoyembekezera, nthawi zambiri amagwiritsa ntchito phala la zinc oxide.

Chatsopano ndi kukula kwa njere zake. Mayi aliyense akudziwa kuti mchere wamiyala umachedwa kusungunuka mu ndiwo, pamene wosinja umalowerera nthawi yomweyo. Mcherewo ndi umodzimodzi, koma wosinja uli ndi malo ambiri okhudzana ndi msuzi. Tsono ganizirani kusinja mopitirira pamene mtondo, chigayo ndi sefa zingafike. Tengani milimita imodzi pa rula ya mwana wa sukulu, muigawe m'zigawo 1,000,000: chigawo chimodzi ndicho nanomita. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Bakiteriya wa m'chimbudzi wotchedwa E. coli ndi wautali mananomita pakati pa 1,000 ndi 2,000. Tinjere ta nano sitipitirira mananomita 100, ndipo tambiri timakhala 20 kapena 30. Pafupi ndi bakiteriya, kanjere kotere kali ngati nyerere pamsana pa mbuzi.

Masamu ake ndinawawerengera ndekha papepala kawiri chifukwa ankaoneka ngati nthano. Kachidutswa ka makona anayi kotalika sentimita imodzi mbali zonse, kofanana ndi njere yaikulu ya chimanga, kali ndi khungu la masikweya sentimita 6. Kachidutswa komweko mukakaduladula kukhala tinjere ta mananomita 10, khungu la tinjere tonse pamodzi limafika masikweya mita 600, kuposa bwalo la mpira wa ntchemberembaye. Mphamvu yopha majeremusi ili pakhungupo, ndiye khungu likachuluka mphamvu nayo imachuluka.

Kupha kwake kumachitika m'njira zingapo nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene pagona chiyembekezo cha azasayansi. Kanjere kamasungunuka pang'onopang'ono n'kumatulutsa tizigawo ta chitsulo timene timalowa m'thupi la bakiteriya n'kusokoneza zipangizo zimene amapumira ndi kugayira chakudya. Pakhungu la kanjereko, makamaka pakakhala kuwala, pamapangika mitundu yaukali ya okosijeni, umodzi mwa iyo ndi hydrogen peroxide, madzi omwe aja amene amachita thovu tikawathira pabala. Komanso tinjere timakakamira pachikopa cha bakiteriya mpaka kuchiboola, zam'kati n'kutayika. Mankhwala a kuchipatala monga Bactrim kapena amoxicillin amalasa malo amodzi kapena awiri okha m'thupi la bakiteriya. Akaphunzira kutchinga malo amenewo, mankhwalawo asanduka ufa wamba. Kutchinga malo atatu kapena anayi nthawi imodzi n'kovutirapo.

Vuto la mankhwala osagwira ntchito si la kunja kokha. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Bakiteriya wotchedwa Klebsiella, amene amapha makanda ambiri, mu 2003 pafupifupi 12 pa 100 alionse ndi amene ankakana gulu la mankhwala a jakisoni amphamvu monga ceftriaxone. Pofika 2016 anali 90 pa 100 alionse. Kwa E. coli chiwerengero chinachoka pa wosakwana mmodzi kufika pa 30 pa 100 alionse. Gulupu ndi kumene odwala athu otumizidwa kuchokera ku chipatala cha boma la Chiradzulu amapita. Padziko lonse, mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya okana mankhwala. N'chifukwa chake m'mayunivesite ambiri muli anthu amene ntchito yawo tsiku ndi tsiku ndi kufunafuna njira zowonjezera ukali wa tinjere ta dzimbiri, kuti tikaikidwe m'mabandeji, pa zipangizo za m'chipatala, m'penti ya m'mawodi ndi m'masefa a madzi.

Njira yoyamba ndi kuchepetsa njere, koma imeneyi ili ndi msampha umene wophika phala aliyense amaudziwa. Ufa wosalala kwambiri ukauthira m'madzi mosasamala umaundana n'kuchita mibulu. Tinjere ta nano timateronso. Tikaundana, khungu lalikulu lija limabisika m'kati mwa mbulu, ndipo phindu lonse la kusinja latha. Choncho ntchito yaikulu ya ofufuza ndi kukutira kanjere kalikonse ndi chinthu china chopyapyala, monga chitosan wochokera ku zikamba za nkhanu ndi shirimpi, kuti tinjereto tisagwirane. Ena amasintha maonekedwe ake, kuti m'malo mokhala tobulungira tikhale ngati timisingano kapena timaluwa tamsongansonga, popeza nsonga zimaboola bwino.

Njira ina ndi kusakaniza. Mu zinc oxide amalowetsamo siliva kapena mkuwa wochepa kwambiri, monga mmene soda pang'ono amasinthira therere lonse, ndipo okosijeni waukali uja amatuluka wochuluka. Pa titanium dioxide nkhani yake ndi ya dzuwa. Ofufuza a ku Japan, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda, anaonetsa mu 1972 kuti dzimbiri limeneli likawalidwa limatha kuphwanya madzi, ndipo mu 1985 ena a ku Japan komweko anaonetsa kuti limapha tizilombo. Chovuta chinali chakuti limadzuka ndi cheza cha UV chokha, chimene ndi gawo laling'ono, pafupifupi 5 pa 100, la kuwala kwa dzuwa kofika pansi pano. Mu 2001 kunatuluka lipoti loti mukalowetsamo nayitirojeni, mpweya womwe uja umene uli mu feteleza wa urea, limayamba kugwira ntchito ndi kuwala wamba. Kuyambira pamenepo anthu ambiri akuyesa kupaka dzimbiri limeneli m'kati mwa mabotolo ndi mapaipi kuti dzuwa liyeretse madzi mofulumira.

Dzuwa palokha limayeretsa kale madzi, ndipo ife amene timaphunzitsa kuti kuwala kwa dzuwa ndi amodzi mwa mankhwala achilengedwe amene Mlengi anatipatsa tiyenera kuidziwa bwino njira imeneyi. Madzi oyera, osati amatope, mukawathira m'botolo la pulasitiki loonekera m'kati la malita awiri kapena kucheperapo, n'kuligoneka pa malata maola 6 dzuwa likuswa mtengo, majeremusi ambiri otsegula m'mimba amafa. Kukakhala mitambo pamafunika masiku awiri, ndipo tsiku la mvula yosalekeza kapena la chiperoni, chimene kuno sichisowa mu June ndi July, njirayi si yoidalira.

Njira imene imakoka mtima wa ambiri a ife ndi ya masamba. Ofufuza a ku India, ku Nigeria, ku South Africa ndi kwina amawiritsa masamba a chammwamba kapena a nimu, n'kusakaniza msuzi wake ndi mchere wa zinki kapena wa mkuwa, kenako n'kuotcha zotsalazo pamoto woyezedwa. Zimene zili m'masamba zimathandiza kuti tinjere tipangike ndipo zimatikutira kuti tisaundane, popanda mankhwala aukali a m'fakitale. Ndimasangalala ndikamawerenga kuti mtengo umene uli kuseri kwa khitchini yanga ukutchulidwa m'mabuku a sayansi. Komabe ndikudziwa mmene nkhani zotere zimasinthira zikamayenda pakamwa. Pofika kwa munthu wachitatu imakhala yakuti chammwamba ndi nano, ndipo pofika kwa wachisanu wina wayamba kale kuwiritsa masamba ndi zidutswa za malata. Chopha majeremusi pamenepo ndi chitsulo chopangidwa moyezedwa, masamba ndi chida chopangira basi. Chammwamba tidye monga ndiwo, chili ndi zakudya zabwino.

Malo amene sayansi imeneyi yafika kale pafupi ndi khomo la munthu wakumudzi ndi mphika wosefera madzi. Mu 1981 katswiri wa ku Guatemala, Fernando Mazariegos, anakonza mphika wa dothi losakaniza ndi utuchi. Pouotcha utuchi umapsa n'kusiya timabowo tating'ono kwambiri, moti madzi amadontha koma mabakiteriya ambiri ndi mazira a njoka zam'mimba amatsala. Kenako mphikawo amaupaka madzi okhala ndi tinjere ta siliva, kuti mabakiteriya amene akodwa m'timabowo afe ndiponso kuti ndere isamere. Bungwe la Potters for Peace linafalitsa luso limeneli m'mayiko ambiri, makamaka mphepo ya Mitch itasakaza Central America mu 1998. Mphikawu umakhala pamwamba pa ndowa yotsekedwa yokhala ndi mpopi, ndipo umasefa lita imodzi mpaka atatu pa ola. Kafukufuku wa ku Cambodia amene anasindikizidwa mu 2008 anapeza kuti m'mabanja ogwiritsa ntchito masefa amenewa kutsegula m'mimba kunatsika ndi pafupifupi theka. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Ha-Mashamba m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, amayi oumba mbiya akhala akuumba masefa otere mothandizana ndi University of Venda ndi University of Virginia. Ofufuza a ku Virginia omwewo anakonzanso kachidutswa ka dothi lootcha kokhala ndi siliva, kotchedwa MadiDrop, kamene amakaponya m'ndowa madzulo kuti madzi amwedwe mmawa.

Siliva wa m'masefa amenewa si dzimbiri, ndi chitsulo chenicheni, ndipo ali ndi zofooka ziwiri: ndi wodula, komanso amakokoloka pang'onopang'ono ndi madzi. Apa ndi pamene dzimbiri la zinki ndi la mkuwa likulowera, chifukwa ndi lotsika mtengo kwambiri, ndipo ofufuza akuyesa kulisakaniza ndi siliva kapena kuliika m'malo mwake. Ena akuyesa dzimbiri la chitsulo wamba, lofanana ndi la khasu lija koma lokonzedwa bwino, chifukwa mavairasi amakonda kukakamira pamenepo. Zimenezi n'zofunika popeza mavairasi ndi aang'ono kwambiri ndipo amadutsa m'timabowo ta dothi. Vairasi ya rota, imene imatsegula m'mimba mwa makanda, mphika wa dothi suigwira mokwanira. Imeneyo timalimbana nayo ndi katemera, amene boma linayamba kupereka kusikelo mu 2012.

Ndikamaganiza za dothi ndi chitsulo ndimakumbukira Levitiko 6:28, pamene lamulo likusiyanitsa mphika wa dothi ndi wa mkuwa: wa dothi ukaphikidwamo nyama ya nsembe unkayenera kuswedwa, wa mkuwa unkangokwechedwa ndi kutsukuluzidwa. Lamulolo linali la chiyero cha nsembe, ndipo sindikufuna kulisandutsa phunziro la majeremusi. Koma mayi aliyense amene anasungapo mafuta mu mtsuko akudziwa kuti dothi limamwa ndipo limasunga, pamene chitsulo sichimwa. Za mkuwa zayesedwanso masiku athu ano. Ku India, kumene mabanja ambiri amasunga madzi akumwa m'mitsuko ya mkuwa kuyambira kale, ofufuza anathira majeremusi a kolera ndi ena otsegula m'mimba m'madzi a m'mitsuko yotere, ndipo patatha maola 16 sanapezemo amoyo. Lipoti lake linatuluka mu 2012. Mitsuko ya mkuwa weniweni kuno kulibe, ndipo kuponya mawaya a magetsi, ndalama zachitsulo kapena zigwinjiri m'ndowa si chinthu chofanana. Zitsulo zambiri zooneka ngati mkuwa zimakhala zosakaniza ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana mosabwezeka.

Tsopano tibwere ku ndowa yathu. Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022 unagwira anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700, woipitsitsa m'mbiri ya dziko lino. Uli m'kati, namondwe wa Freddy anafika mu March 2023. Ife a ku Chiradzulu sitifunika kuuzidwa zimene zinachitika kwa Ntauchira, kapena mmene zimbudzi zinagwera ndi mmene zitsime zinadzadzira matope. Madzi a masiku amenewo ndi amene ndimayezera nawo chilichonse chimene munthu akunena kuti chimayeretsa madzi. Ku labotale amatenga kambale kagalasi koyera, amadzalamo mtundu umodzi wa bakiteriya, amadonthezamo tinjere, mawa lake n'kuyeza ndi rula kukula kwa bwalo limene bakiteriya sanamere. Kafukufuku wambiri wa tinjere ta dzimbiri wathera pamenepo. Madzi a pachitsime chosatetezedwa ali ndi dothi, zinyalala zoola ndi mchere wamitundumitundu. Zimenezi zimakutira tinjere, zimatiundanitsa, ndipo zimatchinga kuwala. Kanjere kamene kanapha 99 pa 100 m'kambale kakhoza kugona tulo m'ndowa ya madzi a mu January. Ndipo ngakhale katapha 99 pa 100, m'madzi oipa kwambiri otsalawo akhoza kukwanira kudwalitsa mwana.

Klorini alibe dzina lokoma ndipo ana amadandaula fungo lake, koma wayesedwa m'mamiliyoni a ndowa, pa miliri yeniyeni. Ali ndi ubwino wina umene ambiri sitiuganizira: amatsalira m'madzi n'kumawateteza kwa maola ambiri pambuyo pake. Madzi a pa mjigo nthawi zambiri amatuluka abwino, n'kuipa panjira ndi kunyumba, chifukwa cha zala zimene zaviikidwa posenza, masamba oikidwa pamwamba kuti asatayike, ndi kapu imodzi imene aliyense amatungira. Choncho kwa mayi amene anafunsa uja, ndi kwa ena amene ali ndi funso lomwelo mumtima, yankho ndi lakuti musasiye. Thirani WaterGuard kapena klorini wa alangizi azaumoyo pamlingo umene iwo akuuzani, dikirani mphindi 30, ndipo ngati madzi ndi amatope yambani mwawadikha ndi kuwasefa pansalu yoyera. Klorini akasowa, wiritsani mpaka abwadamuke.

Timabotolo takumwa tija ndi nkhani ina, ndipo pamenepa ndilankhula mosapsatira. Chinthu chimene chimaboola chikopa cha bakiteriya sichidziwa kuti uyu ndi mdani, uyu ndi mwini nyumba. Pakhungu, m'bandeji kapena m'dothi la sefa, tinjere timakhala pamalo amodzi ndipo zimene zimafika m'thupi n'zochepa. Kumwa dala tsiku ndi tsiku ndi chinthu china. Thupi la munthu silifuna siliva ngakhale pang'ono. Amaunjikana m'khungu, ndipo amene amwa kwa nthawi yaitali khungu lawo limasanduka lotuwa mobiriwira, matenda otchedwa argyria, ndipo mtunduwo subwerera. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linagamula mu 1999 kuti mankhwala a siliva ogulitsidwa popanda chilolezo cha dokotala sakuvomerezeka kuti ndi otetezeka kapena kuti amachiza. Siliva womwedwa amalepheretsanso mankhwala ena, kuphatikizapo ena opha mabakiteriya ndi a chithokomiro, kulowa bwino m'thupi. Ngakhale titanium dioxide, amene kwa zaka zambiri ankathiridwa m'maswiti kuti ayere, mayiko a European Union anamuletsa m'zakudya mu 2022, chifukwa akatswiri awo analephera kutsimikizira kuti tinjere take tating'ono kwambiri sitiononga maselo. Ndipo zoti majeremusi sangaphunzire kukana chitsulo si zoona kwenikweni: kale mu 1975, m'wodi ya odwala opsa ndi moto ku Boston, anapeza Salmonella wokana siliva.

Chimene chimandiopsa kwambiri si khungu lotuwa. Boma lathu la Chiradzulu linali m'gulu la oyamba m'dziko muno kulandira ma ARV, mu 2001, kudzera mwa madokotala a MSF, ndipo pali agogo lero amene akulera zidzukulu chifukwa cha mapilitsi amenewo. Wamalonda akamanena kuti kabotolo kake kamapha mavairasi onse, pali wina pagulupo amene watopa ndi kumwa mankhwala tsiku lililonse ndipo akumvetsera ndi makutu awiri. Palibe madzi a siliva kapena a dzimbiri lililonse amene amachiza HIV, TB, shuga kapena BP. Ife a mpingo uno timakonda mankhwala achilengedwe, ndipo amalonda amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake ena amayamba ndi pemphero ndi vesi asanatsegule chikwama. Akulu a mpingo ndi atsogoleri a zaumoyo, munthu wotere asapatsidwe mpata wolankhula pa chilengezo kapena pa msonkhano wa misasa. Mpingo umene unamanga Malamulo ku Makwasa n'kuphunzitsa anamwino ndi madokotala zaka zonsezi sunganene kuti sayansi ya chipatala ndi mdani wake.

Pali zinki mmodzi amene mwana ayenera kumwa, ndipo ameneyu tisamusokoneze ndi za nano. Mu 2004 bungwe la WHO ndi la UNICEF analangiza kuti mwana wotsegula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS pamodzi ndi mapilitsi a zinki: mamiligalamu 20 patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo theka lake kwa khanda losakwana miyezi 6. Ameneyu ndi mchere wa zinki wosungunuka, woyezedwa mlingo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuthandiza matumbo kuchira ndi kulimbitsa chitetezo cha thupi. Amafupikitsa matenda ndipo amachepetsa mpata woti abwerenso m'miyezi iwiri kapena itatu yotsatira. Chimene ndimaona kawirikawiri poyendera makomo n'chakuti mwana akangosiya kutsegula pa tsiku lachitatu, mapilitsi otsala amasungidwa pa shelefu kudikira nthawi ina. Phindu lalikulu lili m'masiku otsalawo. Mumalizitseni.

Nanga sopo, penti, nsalu ndi masefa olembedwa kuti "nano"? Ena ndi abwino, ena ndi chikomekome cha mkuyu. Sopo wamba ndi madzi oyenda, mukasamba mokwanira mpaka pakati pa zala, amachotsa majeremusi bwino lomwe, ndipo FDA yomwe ija inanena mu 2016 kuti opanga sopo wolembedwa kuti ndi wopha majeremusi analephera kuonetsa kuti amaposa sopo wamba m'nyumba. Ndalama yowonjezerayo ingagule sopo wachiwiri woika pa mpondagiya. Chilichonse chimene akuti ndi mankhwala chiyenera kukhala cholembetsedwa ku bungwe la PMRA, ndipo katundu wina ayenera kukhala ndi chizindikiro cha MBS. Wogulitsa sefa mumufunse kuti inayesedwa kuti, imasefa malita angati pa ola, imatha pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo ikasweka yatsopano mukaipeza kuti. Wodziwa katundu wake amayankha mosavuta. Amene yankho lake ndi lakuti imapha chilichonse ndipo siitha, mubwezereni.

Kwa amene muli kale ndi sefa ya dothi, kaya munalandira ku bungwe nthawi ya Freddy kaya munagula, moyo wake uli m'kasamalidwe. Kunja kwa mphika, kumene madzi oyera amadontha, musakhudze ndi manja ndipo musakhazike pansi. Pochotsa gwirani m'mlomo n'kuukhazika pa mbale yotsukidwa bwino. M'kati mwake kwechani ndi burashi yofewa yosungidwira ntchito yomweyo pamene madzi ayamba kuchedwa kudontha, pogwiritsa ntchito madzi osefedwa kale kapena owiritsa. Sopo ndi klorini ndi za ndowa yapansi ndi mpopi wake, osati za mphika wa dothi, chifukwa sopo amatseka timabowo ndipo klorini amafulumizitsa kukokoloka kwa siliva. Ndowa yapansiyo ndi imene imaipitsa madzi kawirikawiri, chifukwa timaiiwala poganiza kuti mumangokhala madzi oyera. Ndipo tsiku limene muone kuti mphika umene unkatenga maola angapo watha madzi onse m'kanthawi kochepa, musakondwere kuti wayamba kugwira ntchito bwino. Wang'aluka, ngakhale mng'aluwo sukuoneka. Kumata ndi simenti kapena phula sikuthandiza. Madzi amenewo athiridwe klorini kapena awiritsidwe kufikira mutapeza mphika wina.